Abrahamu M'mapiri a Dedza

Patsinde pa mapiri a Dedza, pamene mtsinje wa Nadzipokwe umagwa m'miyala kulowera kuchigwa cha Mtakataka, pali mishoni ya Mua. Mu Seputembala 1902 panafika alendo atatu a chipani cha White Fathers, ansembe awiri ndi bulazala mmodzi, ndipo anakhoma hema pafupi ndi mtengo wa mlambe. Analibe munda, analibe m'bale, chinenero ankachita chopapasa. Malo okhalapo anachita kupempha kwa Angoni a kwa Kachindamoto. Munthu wodziwa buku la Genesis akamva za hemalo, maganizo ake amathamangira kwa Abrahamu, amene nayenso anamanga hema pansi pa mitengo ya ku Mamre m'dziko la eni ake. Alaliki ambiri amafanizira choncho, ndipo sindiwatsutsa. Koma ndikaganizira bwino mbiri ya boma lathuli, ndimaona kuti amene ankafanana kwambiri ndi Abrahamu sanali alendo a m'hemawo ayi. Anali anthu amene anadzaima chapatali n'kumawayang'ana.

Dedza ndi dziko la anthu obwera. M'mapanga a ku Chongoni, ku Chencherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi muli zojambula zofiira zimene anasiya Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza. Pamwamba pa zofiirazo pali zina zoyera, zojambulidwa ndi Achewa pa nthawi ya chinamwali ndi ya Nyau. Malo otere alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Achewawo amanena okha kuti anachokera ku Uluwa, kutali m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi Kalonga ndi mayi wake Nyangu. Likulu lawo analikhazika ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka komweko, kumene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China. Kenaka kunabwera Angoni a kwa Maseko, amene anathawa nkhondo kummwera, kuwoloka Zambezi, kukafika mpaka ku Songea, n'kubwereranso kudzakhazikika kuphiri la Domwe. Anthu a Kachindamoto anatsikira ku Mtakataka atayambana ndi Gomani m'zaka za m'ma 1890. Ayao nawo anakwera kuchokera kunyanja, ndipo mafumu awo monga Tambala alipo mpaka lero. Ayao achisilamu amamudziwa kholo lomweli ndi dzina loti Ibrahimu, ndipo chaka ndi chaka amazinga mbuzi pokumbukira nsembe yake.

Tsono mphunzitsi woyamba atafotokoza pabwalo kuti kunali munthu wina amene anasiya kwawo ndi abale ake, natenga mkazi, mwana wa m'bale wake ndi ziweto, n'kuyamba ulendo osadziwa kumene akagone, panalibe chodabwitsa. Nkhalamba iliyonse pabwalopo inali ndi nkhani yotero ya agogo ake. Mulungunso sanali mlendo. Ankamutchula Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, ndipo ankamupempha mvula ku Msinja kudzera mwa Makewana. Ankadziwa za Kaphirintiwa, kumene amati anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe. Chachilendo chinali chimodzi: Chauta ameneyu akudzimanga yekha ndi pangano, akulumbira kwa munthu mmodzi wokalamba wopanda mwana, ndipo akunyamuka naye ulendo. Mudzi ukasamuka, manda ndi kachisi zimatsala. M'nkhaniyi Mulungu sanatsale ku Harana.

Abrahamu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75, ndipo Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Zaka 25 n'zosavuta kuzitchula paguwa, koma amene anadikirapo mwana amadziwa kulemera kwa mwezi umodzi wokha. Mbiri ya mpingo m'dera lino ili ndi kudikira kwamtundu womwewo. Kwa a White Fathers, ulendo wa ku Mua uja kunali kubwera kwachiwiri. Anzawo anayamba afika kwa Mponda, ku Mangochi, kumapeto kwa 1889. Anakhalako chaka ndi theka pakati pa nkhondo, malonda a akapolo ndi malungo, ndipo mu 1891 analongedza katundu n'kupita ku Mambwe, kumpoto kwa Zambia ya lero, osasiya mpingo m'mbuyo. Kwa munthu wowerengera phindu, ulendowo unapita pachabe. Panapita zaka 11 kuti ena abwerere. Ngakhale ku Muako zinthu sizinathamange. Lamulo la chipanicho linali loti munthu aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe, ndipo ambiri ankalekera panjira. Mu 1908 anatsegula Mtakataka, mu 1910 anakwera ku Bembeke kumene kuli kamphepo kozizira, ndipo mu 1927 anayamba kusamalira akhate ku Mua, anthu amene midzi yawo inali itawataya.

Sindifuna kuikometsera mbiri imeneyi kuposa mmene inalili. M'zaka za m'ma 1920 kunali mkangano woopsa pakati pa mishoni ya Mua ndi Nyau. Ansembe ankafuna ana kusukulu, akuluakulu a kudambwe ankafuna ana omwewo kuti akamete. Milandu inkafika kwa bwanamkubwa wa boma, mabanja ankagawanika, ndipo amishoni ena ankanyoza zimene sanazimvetse n'komwe. Gule nayenso anayankha m'njira yake: anatulutsa zilombo zotchedwa Simoni ndi Maliya, mayina otengedwa m'tchalitchi momwemo. Amene akufuna kudziwa mmene zinayendera awerenge buku la Ian Linden la mu 1974, lofotokoza za Akatolika ndi kukana kwa Achewa. Komabe m'dera lomwelo la mikangano munabadwa mnyamata Cornelius Chitsulo, amene mu 1937 anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wachikatolika wa dziko lino, patatha zaka 35 chikhomereni hema lija. Mu 1957 anadzozedwanso kukhala episkopi wa Dedza, woyamba mwa ana a dziko lino, ndipo anatumikira mpaka imfa yake mu 1984. Aja anavutika kwa Mponda sanamuone. Ndipo pa malo omwewo pamene Nyau ndi mpingo zinkalozana chala, Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda woti Chisale, anayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Lero m'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana, zosungidwa mwaulemu pabwalo la mishoni. Mukanamuuza wansembe wa mu 1925 kuti zidzatero, akanati mwapenga.

Kumtunda nkhani za makolo a m'Genesis zinalowera khomo lina. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anatsegula Mphunzi mu 1903. Mphamvu yawo inali m'timasukulu ta m'midzi, ta udzu, tophunzitsidwa ndi anyamata a komweko. Ndi aphunzitsi amenewa, ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse, amene anaika Abrahamu ndi Yosefe m'kamwa mwa ana a ku Linthipe, kwa Kaphuka ndi kwa Kachere. Ankazifotokoza ngati mmene amayi amayimbira nthano madzulo, ndipo ana ankazitengera kunyumba. Baibulo lonse, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray mothandizana ndi omasulira a mipingo ina ndiponso eni chinenero. Mu 1925 anadzozedwa abusa oyamba a Nkhoma, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, ndipo malo ophunzitsira akhristu eniake a ku Chongoni amatchedwa ndi dzina la Katengeza. Akatolika anadzakhala ndi Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 mipingo inatulutsira pamodzi Buku Loyera. M'buku lachitatuli, dzina la Mulungu limene Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova analimasulira kuti Chauta. Kwa ine chimenechi si chinthu chaching'ono. Panatenga zaka pafupifupi zana kuti tivomereze pa pepala zimene nkhalamba za pabwalo zija zinazindikira tsiku loyamba: amene anaitana Abrahamu ndi yemwe uja wa uta wa m'mitambo.

Mwa makolo anayi a m'Genesis, Abrahamu, Isake, Yakobo ndi Yosefe, amene Mchewa amamumva msanga ndi Yakobo. Taonani mmene nkhani yake ilili. Atalakwira mkulu wake Esau, mayi wake akumuthawitsira kwa ndani? Kwa mlongo wake wa mayiyo, Labani, kutanthauza kwa atsibweni, mwini mbumba. Kumeneko akupeza msuweni wake Rakele pachitsime, ndipo ukwati wa pachisuweni sunali wachilendo kwathu kuno. Alibe ng'ombe zolowolera, tsono akulipira ndi thukuta: zaka 7 akugwira ntchito kwa apongozi, akunyengedwa usiku wa ukwati, n'kuwonjezanso zaka 7, kenaka zina 6 zogwirira ziweto. Zaka 20 pachikamwini! Mzungu wowerenga ndimeyi ku Ulaya ankafunika womufotokozera. Mwamuna wa ku Dedza, amene wamanga nyumba pamudzi wa mkazi wake, akulima munda umene sudzakhala wake, ndipo ana ake omwe ali m'manja mwa malume awo, sankafunika womasulira. Labani atamupeza Yakobo panjira akuthawa, ananena kuti akaziwo, anawo ndi ziwetozo zonse n'zake. Mawu otere akumveka m'mabwalo a milandu m'midzi mwathu mpaka lero. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo Yakobo anaterereka ndithu, apongozi atapita kukameta nkhosa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Yakobo sanali munthu wolungama. Ananyenga bambo wake wosaona, analanda madalitso a mkulu wake, ndipo ngakhale pa Beteli, atalota makwerero ofika kumwamba, lonjezo lake kwa Mulungu linali lokhala ngati la pamsika: mukandisunga, mukandidyetsa, mukandibweza kwathu, pamenepo mudzakhala Mulungu wanga. Mulungu anasunga mbali yake yonse kwa munthu wotereyu. Malipiro anasinthidwa kakhumi, koma Yakobo amene anawoloka Yordano ndi ndodo yokha anabwerako ndi magulu awiri. Anabwerakonso akutsimphina, atalimbana usiku wonse pa dooko la Yaboki. Ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake nkhaniyi inakhala ya amuna a pa theba. Kwa zaka zambiri anyamata a ku Dedza ankalembetsa kupita kumigodi ya ku Joni ndi kumafamu a ku Halale, mpaka pamene boma linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu. Ena ankabwera ndi njinga, wailesi ndi malata. Ena ankabwera ndi chifuwa. Ena anasanduka matchona, ndipo mayi ankamwalira akuyang'anabe kunjira, monga Rebeka amene Genesis satiuza kuti anamuonanso mwana wake wokondedwayo. Lero ulendo womwewo ukupitirira, pa basi yodutsa pachipata cha Dedza kulowera ku Tete, ndipo pemphero la mnyamata wokhala pampando wa kumbuyo silisiyana kwenikweni ndi la pa Beteli.

Nkhani za makolowa zinabweretsanso mafunso amene amishoni ankavutika kuyankha. Mngoni wa mitala ankauzidwa kuti sangabatizidwe pokhapokha atasiya akazi enawo. Atadziwa kuwerenga, anapeza kuti mafuko 12 a Israyeli anabadwa kwa amayi anayi, bambo mmodzi. Funsolo linali lachilungamo, ndipo amayi ambiri amene anabwezedwa kwawo kuti mwamuna alowe mumpingo anasenza mtolo umene sanaupalamule. Koma wowerenga modekha amaonanso kuti Genesis sabisa misozi ya m'nyumba zoterozo: Leya wosakondedwa, Rakele wansanje, ana odana mpaka kugulitsana. N'chimodzimodzi ndi Sara. Atatopa ndi kudikira anapereka mdzakazi wake Hagara kwa mwamuna wake kuti nyumba isafe. Kwathu kuno banja likakhala lopanda mphatso, akuluakulu ankapangana mwachinsinsi zolowetsa fisi, ndipo maganizo ake anali omwewo: tithandize tokha, pakuti nthawi ikutha. Zotsatira zake kwa Sara zinali chidani, ndipo Hagara anapirikitsidwira kuchipululu ndi mwana ndi thumba la madzi. Apa pali chinthu chimene alaliki amachidumpha kawirikawiri. Mulungu anamutsatira Hagara kuchipululuko, kawiri konse, ndipo anamuonetsa chitsime. Mdzakazi wachilendo, wotayidwa ndi anthu a pangano, sanatayidwe ndi mwini pangano. M'boma limene Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu, Hagara ayenera kulalikidwa kawirikawiri kuposa mmene timachitira.

Za Isake anthu sanena zambiri. Anali munthu wofatsa, wokumba zitsime. Akakumba, abusa a ku Gerari ankabwera kudzalanda, iye n'kusunthira patsogolo kukakumba china, mpaka anapeza chimene sanamukanganize, nachitcha Rehoboti. Kumene minda yachepa ngati kwathu, kumene malire a dimba la kachewere amatha kudanitsa ana a mimba imodzi, kufatsa kotereku ena amakuyesa kupusa. Ine sindikuyesa kupusa, ngakhale ndikudziwa kuti si mkangano uliwonse wa malo umene ungathe mwa kungosuntha, pakuti masiku ano kosunthira kulibe.

Mlandu weniweni wa malo unatipeza m'zaka za m'ma 1980. Msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni: dzanja ili Malawi, dzanja ilo Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anayamba kuwoloka msewuwo usiku ndi usana, ana kumsana, mphika pamutu, nyumba zikuyaka m'mbuyo. Dziko lonse la Malawi linalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali mwa maboma amene analandira ochuluka. Ambiri kuno sanatsekeredwe m'misasa ya mpanda. Anakhala m'midzi, pakati pa anthu a chinenero chimodzi ndi mfunda umodzi, Aphiri kwa Aphiri, Abanda kwa Abanda. Nkhuni zinatha m'mapiri, zitsime zinachepa, zipatala zinadzaza, ndipo sikuti panalibe kung'ung'udza. Koma mafumu anagawa malo, ndipo m'matchalitchi alendo ndi eni mudzi ankakhala pa benchi imodzi. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewa anakhala zaka zisanu ndi zitatu. Amene ankawerenga za Abrahamu akuthamangira alendo atatu dzuwa lili paliwombo, n'kuuza Sara kuti akande ufa msanga, anali ndi mwayi woichita nkhaniyo ndi manja awo, ndipo ambiri anaichita ufa uli wochepa m'lichero.

Kenaka njala ya 2002. Aliyense wa msinkhu wanga m'chigawo chapakati amaikumbukira: madeya kusanduka chakudya cha anthu, zitsa za nthochi kusinjidwa, chimanga kudyedwa chisanakhwime, mbuzi kugulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, ndi maliro opanda owaperekeza okwanira chifukwa anthu analibe mphamvu. Chinawawa kwambiri n'chakuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike. Chaka chimenecho nkhani ya Yosefe inamveka mwatsopano. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17 ndipo anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Pakatipa panali dzenje, ukapolo, bodza la mkazi wa Potifara ndi ndende. Tikamalalikira timakonda kunena kuti Mulungu anali naye, ndipo n'zoona. Koma kukhulupirika kwa Mulungu kwa ana a Yakobo kunadzera m'ntchito yooneka ndi maso: munthu wina anasonkhanitsa limodzi la magawo asanu a zokolola kwa zaka 7, analisunga, ndipo sanaligulitse mseri. Mchewa, amene amadziwa kuti nkhokwe imamangidwa dzinja lisanafike, sangaiwerenge nkhaniyi ngati ya maloto okha. Ndi nkhaninso ya ukapitawo, ndipo imafunsa mafunso olimba kwa aliyense wosunga makiyi a nkhokwe ya anthu. Sindiiwalanso kuti mbali ina ya nkhaniyi ndi yowawa: njala itakula, Aigupto anagulitsa ziweto, minda, mpaka iwo eni kwa Farao kuti apeze chakudya. Amene anasinthanitsa njinga kapena malata ndi ndowa imodzi ya chimanga mu 2002 amaidziwa ndime imeneyo.

Pa dziko lonse limene analonjezedwa, Abrahamu anamwalira ali ndi kachigawo kamodzi kokha kotchedwa kake. Sara atamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127, mwamuna wake anapita kwa eni dziko, anawagwadira, nadzitchula mlendo, n'kugula munda wa Makipela ndi phanga lake kwa Efroni pa masekeli 400 a siliva. Malo ake oyamba m'Kanani anali manda. Yakobo pomwalira ku Aigupto analangiza ana ake kuti akamuike komweko, ndipo Yosefe analamula kuti mafupa ake adzanyamulidwe tsiku lotuluka. Kwathu kuno palibe amene angafunse chifukwa chake. Mudzi umadziwika ndi nkhalango ya manda ake, mitengo imene nkhwangwa siikhudza ngakhale phiri lonse litameteka, ndipo munthu akamwalira ku Johannesburg abale amasonkha ndalama kwa masabata kuti thupi libwere kumudzi.

Mgwirizano wa mtendere wa Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri mwa alendo aja anabwerera kwawo kukagwetsa tchire m'minda imene anaisiya. Sanathe kunyamula zonse. Anasiya ana aakazi okwatiwa kuno, anasiya mitengo imene anabzala, anasiyanso makolo ndi makanda awo m'manda a midzi imene inawalandira, moyandikana ndi eni mudzi. Mpaka lero maliro akagwa tsidya lino la msewu, a tsidya linalo amawoloka m'mamawa, amayi atasenza ufa ndi nkhuni, abambo makasu paphewa, kudzathandiza kukumba.